Toyota 86 yanga: ndiyambire ku ekizozi kapena kolowera mpweya?

Funso: Ndinaitanitsa Toyota 86 ya 2013 kuchokera ku Japan, ya giya yamanja, ndipo ndimakhala ku Lilongwe. Imathamanga bwino, koma ikafika cha pa 4,000 rpm imakhala ngati yafooka, kenako n'kudzukanso. Anzanga ena akuti ndiike fyuluta ya cone ndi paipi ya mainchesi 3, ndichotse ndi catalytic converter yomwe. Ena akuti ndisayerekeze, chifukwa injini imafuna back pressure. Kodi ndikasintha kolowera mpweya ndi ekizozi pamodzi ndipeza mphamvu zochuluka bwanji, ndipo ndiyambire pati?

Yankho: Achimwene, mtima ukhale m'malo, galimoto yanu sinawonongeke. Kufooka komwe mukumva cha pa 4,000 rpm (maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi) ndi chibadwa cha injini imeneyi, ndipo aliyense amene anayendetsapo Toyota 86 kapena anzake opangidwa nayo limodzi, Subaru BRZ ndi Scion FR-S, amakudziwa. Injini yake ndi FA20, ya 1,998 cc, ya masilinda anayi ogona chopingasa, awiri uku awiri uku. Pomwe inkatuluka mu 2012 inkapereka mahatchi 200 pa 7,000 rpm, ndi torque, yomwe ndi mphamvu yozungulitsa ya injini, ya 205 Nm pakati pa 6,400 ndi 6,600 rpm. Mukaikweza pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, mudzaona kuti mzere wa torque umakwera bwinobwino mpaka cha pa 3,000 rpm, n'kutsetsereka pakati pa 3,500 ndi 4,500, kenako n'kukweranso. Chigwa chimenecho chinakhala pamalo oipa, chifukwa ndi pomwe singano imakhala nthawi yomwe mukufuna kupitirira lole pa msewu wa M1.

Maganizo anga ndi awa: ndalama yanu ipite ku header, ndiko kuti mapaipi oyamba ochoka pa injini, komanso kukonzanso pulogalamu ya kompyuta ya injini, ndipo ziwirizi zichitike nthawi imodzi. Bokosi la fyuluta lomwe linabwera ndi galimoto lisiyeni pomwepo. Paipi ya mainchesi 3 muiiwale. Catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, musaitaye. Zifukwa zake zikufunika kuzifotokoza mofatsa, chifukwa mukazimvetsa palibe wogulitsa zitsulo amene angakupusitseni.

Mphamvu ya injini ya petulo imadalira kuchuluka kwa mpweya umene walowa m'silinda. Petulo ndi wosavuta kuwonjezera, kompyuta imangotsegula ma injector, timipopi topopera petulo, nthawi yotalikirapo. Mpweya ndiye wovuta. Kuti petulo apse yense, gawo limodzi la petulo limafuna magawo 14.7 a mpweya poyerekeza kulemera kwake, ndipo mukaponda moto mpaka pansi injini imakonda magawo 12.5 mpaka 13. Injini ya malita awiri imameza pafupifupi lita imodzi ya mpweya pa kuzungulira kulikonse, kutanthauza kuti pa 7,000 rpm ikufuna malita pafupifupi 7,000 pa mphindi. Pa liwiro limenelo vavu iliyonse imatseguka ndi kutsekeka maulendo 58 pa sekondi imodzi. Galimoto yanu ilibe turbo, palibe chokankhira mpweya m'kati. Silinda imadzaza ndi mpweya womwe yakwanitsa kukoka m'kanthawi kochepa kameneko, basi.

Apa ndi pomwe ekizozi ndi kolowera mpweya zimakumanirana. Pisitoni ikamamaliza kukankha utsi, vavu yolowetsa mpweya imayamba kutseguka vavu yotulutsa utsi isanatsekeke. Kwa kanthawi kochepa zonse ziwiri zimakhala zotseguka, ndipo amakaniko amati nthawi imeneyi ndi overlap. M'kanthawi kameneko njira ya mpweya ndi njira ya utsi zimakhala paipi imodzi yodutsa m'silinda. Ngati kumbali ya ekizozi kuli kukoka, utsi wotsala umayoledwa ndipo mpweya watsopano umakokeredwa m'kati pisitoni isanayambe n'komwe kutsika. Ngati kumbali ya ekizozi kuli kukankha, utsi umabwerera m'silinda n'kulanda malo a mpweya wabwino.

Nanga kukokako kumachokera kuti? Utsi sutuluka ngati madzi a pampopi, umatuluka m'zigawo, phu, phu, phu, chigawo chilichonse chikuthamanga kwambiri. Munaonapo lole ikadutsa mwaliwiro pa msewu wafumbi, momwe masamba ndi mapepala amanyamukira n'kuithamangira pambuyo? Chigawo cha utsi chimachitanso chimodzimodzi m'paipi, chimasiya malo okoka kumbuyo kwake. Kuwonjezera apo, vavu ikangotseguka pamatuluka funde lamphamvu loyenda pa liwiro la phokoso, ndipo mu utsi wotentha liwirolo limaposa mamita 500 pa sekondi. Fundelo likafika pomwe mapaipi akumana n'kukula, gawo lina limabwerera ku silinda ngati funde lokoka. Likafika pa nthawi ya overlap, silinda imadzaza bwino ndipo torque imakwera. Likafika mochedwa kapena mofulumira, phindu palibe, mwinanso limasokoneza. Popeza liwiro la funde silisintha kwenikweni pomwe liwiro la injini limasintha, kutalika kwa paipi kumagwirizana ndi rpm inayake, osati yonse. Mapaipi a intake manifold, ogawira mpweya ku masilinda, nawonso ali ndi mafunde awo ochita chimodzimodzi. Chigwa cha pa 4,000 rpm ndi malo omwe mafunde a mbali ziwirizi ndi nthawi yotsegukira mavavu sizikuthandizana mokwanira. Ndiye chifukwa chake fyuluta yaikulu singachichotse: vuto silili pa kuchepa kwa khomo lolowera mpweya.

Anzanu amene akuti injini imafuna back pressure anaona chinthu choona, koma akuchifotokoza molakwika. Palibe injini yomwe imapindula ndi kutsekerezedwa kwa utsi, chifukwa pisitoni imawononga mphamvu pokankha utsi wokanirira. Chomwe anaona n'chakuti munthu akaika paipi yaikulu kwambiri, galimoto imafooka pa rpm yotsika. Chimachititsa zimenezi ndi liwiro la utsi. Paipi ya mainchesi 2.5 ndi mamilimita 63.5, ya mainchesi 3 ndi mamilimita 76. Pamaso kusiyana kwake n'kochepa, koma malo odutsa utsi amakula ndi magawo oposa 40 pa 100. Utsi womwewo ukalowa m'malo aakulu chotero umayenda pang'onopang'ono, umazizira msanga, ndipo kukoka kwake kumachepa. Injini ya malita awiri yopanda turbo, yopereka mahatchi 200, imakwanira bwino ndi paipi ya mamilimita 60 mpaka 65. Ya mamilimita 76 ndi ya magalimoto a turbo kapena supercharger.

Umboni wabwino wa zomwe mungayembekezere unaperekedwa ndi eni ake galimoto. Mu 2016 Toyota ndi Subaru anakonzanso 86 ndi BRZ. Pa za giya yamanja anasintha mbali zonse ziwiri: njira yolowera mpweya, intake manifold yatsopano ya aluminiyamu yopakidwa utoto wofiira, mapaipi a header okulirapo, ndi pulogalamu yatsopano ya kompyuta. Zotsatira zake? Mahatchi 207 m'malo mwa 200, torque 212 Nm m'malo mwa 205. Anasinthanso giya ya m'difu kuchoka pa 4.1 kufika pa 4.3 kuti galimoto izidzuka msanga. Chigwa chija chinachepa koma sichinathe. Chinadzachepa kwenikweni mu 2021 pomwe GR86 inatuluka ndi injini ya malita 2.4, yopereka mahatchi 235 ndi torque ya 250 Nm pa 3,700 rpm. N'zoona kuti fakitale imamangidwa manja ndi malamulo a utsi ndi phokoso, ndipo inu muli ndi mpata wokulirapo. Komabe ngati akatswiri okhala ndi zipangizo zonse anapeza mahatchi 7, munthu wokulonjezani mahatchi 40 kuchokera ku fyuluta ndi paipi mumukane poyera.

Tsopano tilowe pansi pa galimoto. Ekizozi ya 86 ili ndi zigawo izi motsatana: header yokhala ndi catalytic converter yoyamba, kapaipi kafupi kotchedwa overpipe, front pipe yokhala ndi catalytic converter yachiwiri, paipi yapakati, kenako sailensa yakumbuyo ya makomo awiri. Anthu ambiri amayambira kumbuyo chifukwa ndiko kumaoneka komanso kumamveka. Cat-back, yomwe ndi paipi yapakati ndi sailensa, imasintha mawu a galimoto ndi kuchepetsako kulemera, koma mphamvu yomwe imawonjezera ndi yoti simungaimve pa mpando. Kumeneko utsi wafika utazizirako, mafunde aja atatha kale ntchito yawo. Phindu lili kufupi ndi mavavu.

Ma header ogulitsidwa amasiyana m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kakumanidwe ka mapaipi. Wa 4-2-1 amalumikiza mapaipi awiriawiri kaye, kenako n'kuwasonkhanitsa kukhala imodzi, ndipo kawirikawiri amapereka torque yofalikira pakati. Wa 4-1 amasonkhanitsa anayi onse pamalo amodzi, ndipo amakonda kupindulira kumtunda, kufupi ndi 7,000 rpm. Yachiwiri ndi kutalika. Pali a mapaipi ofanana kutalika, monga momwe wa fakitale alili, ndi a mapaipi osiyana kutalika. Osiyana kutalikawa ndi amene amatulutsa kugunda kuja kwa Subaru Impreza zakale, chifukwa zigawo za utsi zimafika pokumanira mosatsatana bwino. Eni 86 ambiri amawakonda chifukwa cha mawuwo komanso chifukwa amadzaza chigwa chija bwino akaphatikizidwa ndi pulogalamu yoyenera. Ofanana kutalika amalira mosalala, amagawa kutentha mofanana ku masilinda onse, ndipo amakhala ndi mphamvu kumtunda. Mitundu yonse iwiri imagwira ntchito ikakhala yopangidwa mwaluso. Ine pa galimoto yoyenda mumsewu tsiku ndi tsiku ndingasankhe wa mapaipi ofanana kutalika wokhala ndi catalytic converter yodutsitsa utsi mosavuta, koma ngati mtima wanu uli pa kugunda kwa Subaru, simulakwitsa kusankha winayo.

Za catalytic converter ndilankhule mosabisa. Yambani mwaona ngati zonse ziwiri zilipo, chifukwa magalimoto ena obwera kuchokera kunja amafika kwa mwini wake m'kati mwa converter mutakolopoledwa kale. Muli platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo zodula, ndipo alipo anthu ozigula. Ngati zilipo, ntchito yake ndi kusandutsa carbon monoxide, petulo wosapsa ndi ma oxide a nitrogen kukhala mpweya wosaopsa kwambiri. Mukachotsa zonse, utsi umenewo amapuma ndi wakabaza amene ali kumbuyo kwanu, ana oyenda m'mbali mwa msewu, ndi inu nomwe mukaima pa mzere wa magalimoto mawindo ali otsegula. Fungo lake limakakamira pa zovala. Kompyuta nayonso imazindikira kudzera ku sensa yachiwiri ya oxygen, n'kuyatsa nyale ya check engine ndi nambala P0420, ndipo nyaleyo ikangokhala yoyaka masiku onse simudzadziwa tsiku lomwe vuto lenileni labwera. Kusiyana kwa mphamvu pakati pa converter yabwino ya high-flow ndi paipi yopanda kanthu n'kochepa kwambiri pa injini ya kukula uku. Sindikuona chifukwa chopweteketsa anthu pofuna mahatchi awiri kapena atatu.

Tibwere kutsogolo, kolowera mpweya. Bokosi la fyuluta la 86 linapangidwa bwino. Limakoka mpweya wozizira kuchokera kuseri kwa bampala, kutsogolo kwa rediyeta, ndipo ndi lotsekedwa, kutentha kwa injini sikulowamo mosavuta. Fyuluta ya cone yongokhala poyera pansi pa boneti imakoka mpweya womwe wadutsa kale pa rediyeta ndi pa injini yotentha. Tiwerengere limodzi: mpweya wa madigiri 55 ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 poyerekeza ndi wa madigiri 25. Mpweya wopepuka uli ndi oxygen wochepa. Komanso mpweya wotentha umachititsa petulo kuphulika nthawi isanakwane, ndipo kompyuta ikaona kutenthako imachedwetsa moto wa mapulagi podziteteza. Choncho mwalipira ndalama, galimoto ikulira mokoma, koma pa mzere wa magalimoto mu Okutobala yafooka kuposa kale. Ndipo ngati ndi mawu omwe mukufuna, dziwani kuti 86 ili kale ndi kapaipi kochoka pa intake kolowetsa kulira kwa injini m'kati momwe mumakhala.

Palinso ma intake aatali omwe amatsitsa fyuluta pansi kuseri kwa bampala kuti apeze mpweya wozizira. Kumayiko a misewu youma ndi abwino. Kuno kwathu, mvula ya mu Januwale ikadzaza misewu, fyuluta yotsika chotero ikhoza kumeza madzi. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Akalowa m'silinda pisitoni ikukwera, chomwe chimagonja ndi con-rod, chitsulo chogwirira pisitoni, ndipo injini yatha pomwepo.

Fumbi ndilo ndimaliopa kuposa zonse. Fyuluta zansalu zopakidwa mafuta zimadutsitsa mpweya mosavuta chifukwa mabowo ake ndi okulirapo, ndipo fumbi losalala limapezerapo mpata. Mukafuna kutsimikiza, pezani galimoto yomwe yayenda nayo nyengo imodzi yachilimwe, mumasule paipi ya kuseri kwa fyuluta, mupukute m'kati ndi kansalu koyera. Kansaluko kakatuluka kofiirira, dziwani kuti fumbi lomwelo lakhala likupala makoma a masilinda ndi ma ring a pisitoni. Pa galimoto ya fyuluta yapepala yabwino, yokhala bwino m'bokosi lake, kansaluko kamatuluka koyera. Mafuta a fyuluta akachuluka amakamatanso pa sensa ya MAF n'kuisokoneza.

Sensa imeneyi ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amawonongera injini osadziwa. MAF ndi kawaya kakang'ono kotenthetsedwa ndi magetsi, kokhala m'paipi kuseri kwa fyuluta. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo kompyuta imawerengera kuchuluka kwa mpweya kuchokera pa kuzizirako. Koma kawayako kamayeza mpweya wodutsa pamalo pake pokha. Kompyuta imachulukitsa potengera kukula kwa paipi yomwe inaphunzitsidwa ku fakitale. Tiyerekeze kuti paipi inali ya mamilimita 70 ndipo mwaika ya 76. Malo akula ndi magawo 18 pa 100, mpweya ukudutsa pa kawaya pang'onopang'ono, kompyuta ikuganiza kuti walowa wochepa, n'kupereka petulo wochepa. Mukamayenda modekha, sensa ya ku ekizozi imaona kuperewerako ndipo kompyuta imawonjezera petulo, mwina n'kuyatsa nambala P0171 zikapyola muyeso. Koma mukaponda moto mpaka pansi, kompyuta imadalira kwambiri ma tebulo ake ndi zomwe MAF yanena. Injini ya compression (kapanikizidwe ka mpweya m'silinda) ya 12.5:1 ikapatsidwa petulo wochepa pa 7,000 rpm imatentha ndi kugogoda m'kati, komwe ndi kuphulika kwa petulo kosalongosoka kuja, ndipo mapisitoni sapirira zimenezo nthawi yaitali. Ngakhale kungosintha kapindidwe ka paipi kufupi ndi sensa kumasokoneza kawerengedwe kake.

Ndiye pulogalamu ya kompyuta si chinthu chowonjezera pamapeto ndalama zikatsala. Ndiyo imagwirizanitsa zonse. FA20 imatha kusintha nthawi yotsegukira mavavu a mbali zonse ziwiri, kudzera mu zomwe Subaru amazitcha AVCS, kutanthauza kuti overlap ija si yokhazikika, imalamulidwa ndi kompyuta pa rpm iliyonse. Ma tebulo a fakitale analembedwa motengera mafunde a header wa fakitale. Mukaika header wina, mafunde akufika nthawi ina, koma mavavu akutsegukabe potsatira header wakale. Wokonza pulogalamu amasuntha nthawi ya ma camshaft kuti ikumane ndi mafunde atsopano, amakonza kuchuluka kwa petulo, nthawi ya moto wa mapulagi, ndi kagawidwe ka petulo pakati pa ma injector a mitundu iwiri, popeza injini iyi ili ndi D-4S ya Toyota: ena amapopera m'njira ya mpweya, ena m'silinda mwenimweni. Apa ndi pomwe chigwa chija chimadzadzidwa. Header wopanda pulogalamu amapereka kagawo kochepa ka zomwe angathe. Zida zodziwika pa galimoto iyi ndi EcuTek ndi OpenFlash Tablet, ndipo alipo akatswiri amene amagwira ntchitoyi ali kutali: mumawatumizira zomwe kompyuta yalemba poyenda, iwo n'kukutumizirani pulogalamu yokonzedwa, mobwerezabwereza mpaka zitakhala bwino.

Muwauze zinthu ziwiri. Choyamba ndi petulo. 86 ya ku Japan inapangidwira petulo wa octane yapamwamba wa kumeneko, ndipo mapulogalamu ambiri okonzeratu omwe amapezeka pa intaneti analembedwera petulo wabwino chotero. Pulogalamu yanu ikonzedwe ndi petulo yemwe mumathira masiku onse. Pa zolembedwa za kompyuta muziyang'ana IAM, nambala yoonetsa ngati kompyuta ikukhulupirira petulo wanu: ikakhala pa 1.0 zili bwino, ikamatsika ndiye kuti sensa yamva kugogoda ndipo moto ukuchedwetsedwa. Chachiwiri ndi kukwera kwa malo. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu zake pa mamita 100 aliwonse. Mahatchi 200 aja kwanuko ndi pafupifupi 180 musanakhudze chilichonse. Abale athu a ku Johannesburg, pa mamita oposa 1,700, amataya ochulukirapo. Mpweya wopepuka wa kumtunda umachepetsanso kugogoda, ndipo apa pali msampha: pulogalamu yokokedwa mpaka pa malire ku Lilongwe m'mawa wozizira wa mu Juni ikhoza kugogoda mukatsikira ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Novembala, komwe malo ndi otsika kwambiri ndipo kutentha kumafika madigiri 40. Wokonza wanzeru amasiya mpata wa ulendo ngati umenewo.

Mwafunsa kuti mupeza zingati. Header wabwino ndi pulogalamu yokonzedwa bwino, pa injini yathanzi, musayembekezere zoposa mahatchi 15 mpaka 20, ndipo pa petulo wamba ndi kumtunda kuno zikhoza kuchepera apo. Intake yodula, yotsekedwa bwino ndi yolowetsedwa m'pulogalamu, ingawonjezere pang'ono chabe pamwamba pake. Komanso musaphatikize manambala olembedwa pa makatoni, kuti 8 wa fyuluta, 10 wa sailensa, 15 wa header ndiye 33. Sizigwira choncho. Mpweya umayenda njira imodzi kuyambira ku bampala yakutsogolo mpaka ku yakumbuyo, ndipo mukakulitsa malo omwe sanali kutsekereza, palibe chomwe chasintha. Chomwe mudzamve kwenikweni si nambala ya pamwambayo, koma kuti mu giya yachitatu galimoto ikukoka mosadukiza kuyambira 3,000 rpm mpaka kumapeto. Pa msewu zimenezo n'zofunika kuposa mahatchi a pa 7,000 rpm omwe mumawafikira kamodzikamodzi.

Anzanu a Golf GTI kapena Subaru WRX akakuuzani kuti iwo anapeza zambiri ndi downpipe, paipi yochoka pa turbo, ndi pulogalamu, akunena zoona. Pa injini ya turbo, kuchepetsa chotsekereza kuseri kwa turbine kumaithandiza kuzungulira msanga, ndipo pulogalamu imatha kukweza boost, mphamvu yomwe turbo imakankhira mpweya. Malangizo awo ndi a magalimoto awo.

Musanagule chilichonse, onetsetsani kuti injini ili bwino. Galimoto ya 2013 yayenda zaka zambiri: mapulagi, fyuluta yatsopano, MAF yotsukidwa ndi mankhwala ake enieni, compression yoyezedwa pa masilinda onse anayi. Mu 2018 magalimoto a mtundu uwu opangidwa mu 2012 ndi 2013 anaitanidwa kuti akasinthidwe ma spring a mavavu, choncho fufuzani ndi nambala ya chassis ngati yanu inakonzedwa isanachoke ku Japan. Gulaninso kachipangizo ka OBD2 kolumikiza kompyuta ya galimoto ku foni, mulembe momwe galimoto ikuchitira isanasinthidwe: kutentha kwa mpweya wolowa, fuel trim (momwe kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa petulo), IAM, ndi nthawi yomwe imatenga kuchoka pa 2,500 kufika pa 7,000 rpm mu giya imodzi. Muyese pa dyno kapena pamalo otsekedwa opanda anthu ndi ziweto, osati pa msewu wa aliyense. Popanda muyeso woyambawu khutu lidzakunamizani, chifukwa galimoto yaphokoso imamveka yothamanga ngakhale itafooka.

Kamangidwe kake nakonso kamasankha ngati mupindule kapena ayi. Header ndi chinthu chogula chopangidwa kale ndi anthu amene anachiyesa pa injini imeneyi, osati chowotcherera mongoyerekeza, popeza kutalika kwa paipi iliyonse ndiko ntchito yake. Zigawo zakumbuyo mmisiri waluso angathe kupanga, koma muone mapindidwe ake. Paipi yopindidwa ndi makina wamba imaphwanyika pakona n'kuchepa m'kati. Yopindidwa ndi mandrel imakhala yofanana kukula ponseponse. Chitsulo cha stainless 304 chimakhalitsa kuposa chitsulo wamba. Gasiketi zikhale zatsopano. Ekizozi ikamadontha kufupi ndi injini mudzamva ti-ti-ti m'mawa injini ili yozizira, phokosolo n'kuchepa ikatentha, ndipo mukawunika ndi tochi pa flange, polumikizira pa mabawuti, mudzaona kamzere ka mwaye wakuda kotuluka pambali pa bawuti. Kabowo kameneko kamayamwa mpweya wakunja pakati pa zigawo za utsi, sensa n'kuganiza kuti petulo wachepa, kompyuta n'kuthira wochuluka. Pulogalamu yokonzedwa pa ekizozi yodontha ndi yolakwika kuyambira pachiyambi.

Pa injini yogona chopingasa, header amadutsa pansi, kufupi ndi sampu ya oyilo, mawaya ndi mipira. Wa fakitale ali ndi zotchinga kutentha, ambiri ogula alibe, choncho mupeze wopakidwa ceramic kapena muike zotchinga pa zinthu zoyandikana naye. Galimotoyi inatalikira pansi mamilimita 130 okha, ndiye muonetsetse kuti palibe paipi yolendewera kuposa ya fakitale, apo ayi hampu yoyamba idzaiphwanya. Ngati mudzafune cat-back chifukwa cha mawu, sankhani yokhala ndi resonator, kasailensa kakang'ono ka pa paipi. Yopanda resonator ikaphatikizana ndi header watsopano imalira mokalipa, ndipo imang'ung'udza m'kati cha pa 3,000 rpm, pomwe singano imakhala ulendo wonse wa ku Blantyre. Mudziwitsenso a inshuwalansi za kusinthaku, kuti pasadzakhale kukanirana tsiku la ngozi.

Zonse zikamangidwa, yendani modekha mpaka pulogalamu yatsopano italowa, osaponda moto mpaka pansi. Ikalowa, injini itenthe ndi kuzizira maulendo angapo, kenako mumangenso mabawuti a header chifukwa gasiketi zatsopano zimakhazikika n'kusiya mpata. Mukatero bwerezani muyeso uja pamalo omwewo, mu giya yomweyo, pa kutentha kofanana. Long-term fuel trim ikhale kufupi ndi ziro, isapitirire magawo 5 pa 100 uku kapena uku, IAM ikhale pa 1.0, ndipo ngati chimodzi mwa ziwirizi chasuntha, tumizani zolembedwazo kwa wokonza pulogalamu musanayambe kuithamangitsa.